Galimoto Yomwe Abwana Anaferamo

Joni
8 Malichi 1987

Okondedwa Amake Jesinta,

Moni kumeneko. Muli bwanji pamodzi ndi ana, apongozi anga ndi Evelesi, mkazi wa mlongo wanu? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye sunakhale pansi, ndipo mukaona zilembo zikupendama musaganize kuti ndayamba kachasu.

Abwana amwalira. Lachiwiri lapitali ndinatunga madzi m'ndowa monga mwa nthawi zonse kuti ndikatsuke galimoto yawo ya ku Jeremani, yofiira ija munaiona pa chithunzi n'kunena kuti yanyonyomala ngati chule. Nditatsekula galaja ndinawapeza ali m'katimo, jekete atavala, manja ali pa chiwongolero, mutu utatsamira windo. Ndinapereka moni kawiri. Ndinayesa akugona, poti anali ndi chizolowezi chongokhalamo osapita kulikonse, makamaka akayambana ndi adona. Nditawakhudza paphewa anali atazizira kale. Dokotala akuti ndi mtima. Wowatulutsa ndinali ine ndi manja angawa, ndipo galimotoyo ndi yopanikiza moti ndinachita kuwafungatira ngati mwana.

Koma chandiimitsa mutu ndi maliro ake. Munthu wa nyumba yaikulu chonchi, palibe ndi mmodzi yemwe anadzagona pasiwa. Anabwera anthu osadzaza ndi basi yomwe, anaimba nyimbo ziwiri, kenaka mtembo anakautentha. Mwawerenga bwino, kutentha ndi moto. Adona anabwera ndi phulusa m'kamtsuko n'kukaika pa shelefu pafupi ndi wailesi. Anthu anamwa tiyi ndi makeke, ena akuseka, ndipo kutacha adona anadzikazingira okha mazira, mchere kuthira ndi dzanja lawo. Ine ndinangotuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mandimu.

Tsono ine wogwira mtembo palibe wandisambitsa. Simoni, mnzanga wa kwa Tengani amene amaphika pa nyumba yoyandikana nafe, ananditsira madzi a masamba m'manja, koma tonse awiri tikudziwa kuti kunali kudzitonthoza chabe. Za ntchito adona akuti ndikhalebe ndizisamala maluwa, mpaka liti sananene.

Ndatumiza kangachepe pa positi. Yambani mwagula makhadi a chipani a nonse kuti musavutike polowa mumsika wa Bangula, ndipo anyamata a chipani akapenyetsetsa mimba ya Evelesi musatsutsane nawo, gulani ndi ya mwana wa m'mimbayo basi. Zina sindilemba, kalata imadutsa m'manja ambiri. Achibale othawa nkhondo aja ochokera ku Mutarara apatseni malo kuseri kwa khola, koma masawu anga asadule. Thonje mupopere mankhwala lisanachite mbozi ngati chaka chatha.

Mlongo wanu Leonard ali bwino, wanenepa makosi. Akadali pa kampani yogulitsa magalimoto kumene malemuwa anamupezera ntchito yoyendetsa. Auzeni apongozi kuti zimene ndinalonjeza pa siteshoni, kuti mwana wawo ndidzamuyang'anira ngati wanga mpaka adzabwere, sindinaiwale. Evelesi asanyamule zolemera, mwamuna wake akuwerengera miyezi.

Ndine mwamuna wanu,
Kaitano


Joni
5 Epulo 1987

Amake Jesinta,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo a mwana wathu Elisha atsika. Ine ndikudzuka bwino, kungoti kwayamba kuzizira ndipo mawondo akundikumbutsa zaka zanga.

Mwafunsa ngati adona anagawa zovala za malemu. Zovala ayi, akhala pansi ndi ana awo n'kugwirizana zogulitsa galimoto ija pa okushoni. Ndi msika wonga wa fodya ku Limbe, anthu amapikisana mitengo ndipo wotchula pamwamba ndiye amatenga. Mwezi sunathe chimwalirire munthu, mpando ukadali ndi dzenje la thupi lake, iwo aitana kale wojambula kuti aiike m'buku la malonda. Ndinafunsa mwana wawo wamkulu ngati ogula adzauzidwa kuti munafera munthu. Anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake, n'kunena kuti nditseke pakamwa ndikathirire maluwa.

Galimoto imeneyi ndaitsuka zaka zambiri, ndimaidziwa kuposa adona. Zonse zake ndi zotembenuka. Kumphuno kumene anzake amakhala ndi injini, iyo kuli kabowo koika chikwama, injini ili kumatako. Pamwamba pa injinipo pali chimchira chophwatalala chonga lichero, chokhala ndi timipata topumira. M'kati mwake muli kachitsulo kopindika ngati nkhono kamene amati tabo, ntchito yake kupopera mphepo mu injini. Malemu ananditengako kamodzi pa msewu wa ku Pitoliya. Imayamba mofatsa ngati ya abusa, kenaka kankhono kaja kamaliza mluzu, msana n'kukanirira ku mpando, mitengo n'kusanduka mpanda umodzi. Ndinatsika ndikupemphera m'Chisena. Ndi yakale, yaposa zaka khumi, koma akuti mtundu umenewu ukamakalamba mtengo ndiye umakwera. Bwenzi anthufe tili choncho, inu mukanandigulitsa kale.

Nkhani yandilembetsa kalatayi ndi iyi. Kampani imene adona asankha ndi yomwe Leonard akugwirako ntchito. Lamulungu lapitali anabwera kuchipinda kwanga kuno mano onse ali pamtunda. Akuti bwana wake wamusankha iye kuti ndiye adzailowetse pamaso pa ogula, ndipo ikagulidwa ndiye adzakaipereke kwa mwini wake watsopano, kaya ndi ku Debeni kaya ku Kepi, ulendo wa tsiku lathunthu ali yekha. Ndinamuuza kuti akane, anamizire kudwala. Anaseka mpaka kugwetsa kapu.

"Alamu, imfa ya mzungu nkhabe kudziwa Msena, siimudziwa n'komwe," anatero. "Ndipo azungu eni ake mtundu umenewu amautcha wopanga akazi amasiye, chifukwa wapha ambiri pokhota. Koma taonani akulimbirana."

Anandiuza zimenezi ngati nthabwala. Chinthu eni ake anachipatsa dzina lotere, munafera munthu, palibe wachichotsa imfa, ndiye alowemo mwana wa eni ake amene mkazi wake ali ndi pakati? Ndinamukumbutsa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anandiyankha kuti ukalamba wandilowa msanga, n'kudya nsomba yanga yonse youma ija munatumiza.

Chonde kwerani sitima mupite ku Marka kwa amalume anga a Paison, mukawafotokozere zonse monga ndalemberamu. Iwo zimenezi amazidziwa. Apongozi ndi Evelesi asamve, ndipo abambo a kutchalitchi musawauze, ndikudziwa pakamwa panu mukapita kokalapa. Mbuzi yaikazi yamawanga musagulitse, ili ndi bere.

Ine wanu,
Kaitano


Joni
3 Meyi 1987

Amake Jesinta,

Moni nonse. Takhuta, ndathokoza kwambiri chifukwa cha ulendo wa ku Marka, ndipo pepani kuti munachita kubwerera pa ngolo. Ine ndili bwino, kupatula tulo timene tikubwera mwa apo ndi apo.

Mawu a amalume ndawamva. Akuti njira yeniyeni ndi yakuti mkazi wa malemu apite kufa monga timachitira kwathu, agone ndi mbale wa mwamuna wake kapena munthu wolembedwa, ndipo katundu yense wa womwalirayo azizire. Amalume sanaonepo adona. Komabe ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiyese. Ndinavala malaya oyera, ndinawapeza pa khonde akuwerenga nyuzi, ndinagwada patali. Ndinayamba ndi kuwapepesa za maliro. Ndinati kwathu mwamuna akafa pamakhala mwambo wochotsa imfa pa nyumba, ndipo woutsogolera ndi mkazi wake. Anaika nyuzi pansi n'kunena kuti zimenezo n'zokoma, ndiwauze mwambowo umayenda bwanji. Amake Jesinta, Chingerezi changa chonse chinathawa. Ndinafunsa ngati malemu anasiya mng'ono wawo. Anati alipo ku Ingalande, wa zaka makumi asanu ndi awiri, amayenda ndi ndodo. Ndinangoti zikomo.

Iwo anaganiza kuti ndikupempha cholowa. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi nsapato za malemu mapeya awiri, n'kundiika m'manja akulira. Kukana sindikanatha. Ndazikulunga m'thumba la simenti n'kuzipachika kunja pa mtengo, ndipo Simoni akadutsa amazilambalala.

Tsiku la okushoni alengeza, ndi Loweruka lomaliza la Juni. Leonard amugulira ovolosi yoyera yatsopano. Akuyenda ndi buku la malonda lija m'thumba, aliyense wa kwathu akakumana naye akumuonetsa chithunzi ngati ndi cha chibwenzi. Akuti akadzaiyendetsa bwino adzamukweza kukhala woperekera magalimoto odula okhaokha, ndipo adzamangira Evelesi nyumba ya malata mwana asanayambe kukwawa. Ndinamulankhulanso, mpaka ndinamuopseza kuti ndiuza amayi ake. Anati ndiwauze, iye si mwana wa sukulu. Chiyambire tsiku limenelo sanabwerenso kudzadya.

Tsono yatsala njira yachiwiri imene amalume anatchula, ya mankhwala osambitsira mwadiya. Akuti bwato limene munthu wafera amalitsuka ndi mizu ndi phulusa lisanalowenso m'madzi, ndipo galimoto ndi mwadiya wa pamtunda, palibe kusiyana. Simoni akubwera ku tchuthi sabata yamawa ndipo adzabwerera kuno pakati pa Juni. Mupitenso ku Marka mukatenge, muike m'botolo la mafuta odzola, pamwamba mupake mafuta enieni kuti a pachipata cha m'malire akatsekula asafunse. Mufunsitsitse poika pake, musadalire mutu, Jesinta alembe. Amalume muwapatse tambala wofiira uja.

Ndikudziwa munalemba kuti mtima wanu ukukayika, poti ndife akhristu. Inenso ndine mkhristu, korona ndili nayo m'khosi pano ndikulemba. Koma ndi mlongo wanu, ndipo amene adzaime pamaso pa amayi anu zikadzavuta ndine.

Thonje mukagulitsa musunge ya fizi ya Jesinta padera, musabwereke aliyense ngakhale alire.

Kaitano


Joni
21 Juni 1987

Amake Jesinta,

Moni wa chimwemwe lero. Ndikhulupirira nonse muli bwino monga Simoni wandiuzira. Akuti Elisha watalika kuposa inu, ndipo Evelesi watsala pang'ono. Ine ndili pyadidi, dzulo ndagona ngati mwala koyamba chimwalirire abwana.

Botolo lafika bwino, ndi kapepala ka Jesinta. Ntchito ndagwira.

Mulungu ananditsekulira njira yekha. Galimoto anaitenga kale kupita ku holo ya kampani, kumene ogula akubwera kudzaizungulira. Lachisanu adona anandiuza kuti anyamata a kumeneko sakuipukuta bwino, akusiya mizere, ndipite ine ndikaipake polishi komaliza monga malemu ankakondera. Anandilembera kalata ya pachipata, anandipatsa ndi makiyi apadera. Ndinapita masana dzuwa likuswa mtengo, ndowa m'manja, botolo m'thumba. Leonard anali atatumidwa kwina.

Holoyo ndi yaikulu kuposa shedi ya thonje ku Bangula, pansi poterera, magalimoto akale ali ndandanda, iliyonse atazunguliza chingwe ngati manda a mfumu. Azungu akuluakulu a mimba zawo akugona chagada pansi kusuzumira kunsi kwake, ena kununkhiza mipando. Mmodzi anandifunsa ngati mwini wake ankaisamala. Ndinati ankaisamala mpaka tsiku lomaliza, ndipo sindinaname.

Itakwana nthawi ya chakudya onse anatuluka. Ndinasungunula mankhwala m'madzi monga amalume ananenera, ndinatsata kapepala mzere ndi mzere: pokhala womwalirayo, pogwira manja ake, kumutu, kumchira, popumira ndi podyera. Pa mpando ndi pa chiwongolero ndinapaka ndi kansalu. Kumphuno ndinawaza. Popumira ndinatsekula chimchira chija, ndinapeza kabokosi kokokera mphepo, ndinathiramo. Podyera ndinaima kaye, poti mwadiya sudya, koma galimoto imadya petulo, ndiye ndinatsekula pa thanki n'kutsanuliramo zotsala zonse ndi nsenga zomwe, kuti pasatsale chotsala. Ndinatchula dzina la malemu, ndinawauza kuti ulendo wawo unatha, asiye chinthuchi chiyende ndi amoyo. Kenaka ndinaipaka polishi mpaka ndinkaona imvi zanga pachitseko.

Tsopano Leonard ayendetse mpaka kunyanja ya mchere ngati afuna. Adona akuti Loweruka ndipite nawo ndikawanyamulire chikwama, ndiye ndikaonera mlamu wanga ali mu ovolosi yake. Mukapita ku Marka mukawathokoze amalume. Nsapato zija ndinazisambitsa ndi madzi otsala m'ndowa, ndipo peya imodzi yandikwana.

Wanu wokondwa,
Kaitano


Joni
28 Juni 1987

Amake Jesinta,

Moni. Kaya muli bwanji. Ine ndili moyo. Kalata iyi muwerenge muli nokha, Jesinta asakuwerengereni.

Dzulo tinapita ku okushoni. Anthu anadzaza holo, akazi atavala zaubweya, aliyense atanyamula kathabwa ka nambala. Kutsogolo kunali mzungu pa gome lalitali ali ndi kanyundo ka mtengo, akulankhula mothamanga ngati achule a m'dambo la Ndindi mvula ikagwa. Munthu akangotukula kathabwa, mtengo wakwera. Ndalama zimene zinkatchulidwa pa galimoto imodzi yakale sindilemba, mungati ndapenga. Ng'ombe zonse za kwa Katunga sizingafike. Ndipo wogula sasekerera n'komwe, amangokanda mphuno.

Yathu inali chakumapeto. Wa kanyundo anaitamanda nthawi yaitali, kuti mwini wake anali mmodzi, kuti sinagundepo, kuti ngati iyi zatsala zowerengeka. Za imfa sanatchule. Anyamata anaikankha mpaka pakhomo la holo, Leonard analowamo, ovolosi ili mbuu, nkhope ngati mkwati. Anandiona kumbuyo kumene ndinaima n'kunditsinzinira diso. Analiza injini. Inalira bwino, anthu mpaka anaomba m'manja, ine mumtima ndinati amalume ndi amuna. Inayenda pang'ono kulowera kutsogolo. Kenaka inatsokomola, inatsokomolanso, inaphulika kumbuyo ngati mfuti, utsi woyera kudzaza holo, n'kuzima pamaso penipeni pa wa kanyundo. Leonard anayesa kuiliza, inangokhosomola. Anayesanso, chete. Adona anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Anaikankhira kuseri, ife tinatsatira. Makaniko wamkulu wa kampani, mzungu wofiira wa manja ngati makasu, anatsekula chimchira, anatulutsa kabokosi ka mphepo kali phala lokhalokha la phulusa. Anapopa petulo m'botolo, pansi panadikha madzi akuda ndi tizidutswa ta mizu. Anatukula botololo kuti onse aone. Amake Jesinta, ine sindinadziwe. Ndinkayesa petulo amasungunula chilichonse, moto wa injini n'kupsereza zotsala. Zaka zonsezi ndatsuka kunja kwake, za m'mimba mwake palibe anandiuzapo.

Anafunsa amene amasunga makiyi sabata yonseyi. Onse anatembenukira kwa Leonard. Makaniko anati ndi ufiti wa anthu akuda, wina wamulipira kuti mtengo ugwe. Anamugwira pakhosi pa ovolosi n'kumukokera pa injini kuti aone chimene wachita. Alonda anatikankhira kunja ife ena tonse n'kutseka chitseko. Ndili panja ndinamva chitsulo chikumenyetsedwa, ndi mawu a Leonard kamodzi kokha.

Mudzandifunsa kuti nanga ine ndinali kuti, pakamwa ndinalibe? Ndinali pomwepo, chikwama cha adona chili m'manja. Ndinaona apolisi akulowa, ndinaona akutuluka naye atawerama, ovolosi itada, n'kumuponya m'galimoto yawo. Ndinaperekeza adona kunyumba, ndinawatsekulira geti, ndinathirira maluwa. Sindikudziwa kuti ndinali munthu wanji dzulo.

Mawa ndiyamba kufufuza kumene amusunga. Kunyumba musanene kanthu kufikira ndilembenso. Akafunsa, Leonard ali bwino, watanganidwa.

Kaitano


Joni
19 Julaye 1987

Amake Jesinta,

Moni, ndipo kalata yanu yafika. Mwana wamwamuna, Mulungu alemekezeke, ndipo ndathokoza kuti Evelesi wachira bwino. Munalemba musanalandire yanga ija, ndaona ndi chimwemwe chake. Pofika lero mwaiwerenga.

Lolemba lotsatira okushoni ija ndinapita kwa adona, ndinagwada, ndinawauza zonse, za botolo, za amalume, za makiyi amene anandipatsa okha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anandisisita paphewa. Akuti ndine munthu wabwino, akudziwa kuti anthu a kwathu timaferana pa chibale, koma ndisadzipachike mlandu wa wina. Akuti munthu amene ankaipukuta galimoto ija ndi mpango wake sangaithire dothi. Ndinalumbira, ndinawaonetsa botolo lopanda kanthu. Analinunkhiza n'kunena kuti ndi la mafuta odzola. Mwana wawo anati ndikapitiriza nkhaniyi apolisi atenga tonse awiri, ndisankhe. Walira mvula walira matope, koma matope ake agwera wina.

Leonard ndinamupeza patapita masabata awiri, nditazungulira mapolisi anayi. Kampani mlandu yausiya, akuti safuna manyuzi alembe, galimoto aitsuka m'mimba ndipo ikulira monga kale. Koma ntchito yatha, ndipo chitupa chake chinali cha ntchito imeneyo, ndiye akumusunga podikira kumubweza kumudzi. Tinaonana pa waya. Waonda, mutu anamumeta, dzanja lamanja analikulunga nsalu n'kulikoleka m'khosi. Ndinafunsa za dzanjalo, anati si kanthu. Ndinayamba kufotokoza, anandidula.

"Alamu, ndinadziwa ndisanalize n'komwe," anatero. "Nditangotsekula chitseko ndinamva fungo la kwa a Paison. Ndinaseka ndekha, ndinati mdala uja wapaka pa mpando. Sindinaganize kuti mungafike ku thanki."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sananditchule pamene ankamumenya.

"Mukabwezedwa inu, ana a mlongo wanga adya chiyani? Ndi amayi? Wobwerera akhale mmodzi."

Ndinamuuza za mwana. Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, ndipo mlonda anati nthawi yatha. Akuchoka anati ndisabwerenso, sakufuna kundida ndipo akapitiriza kundiona andida. Buledi ndi fodya zimene ndinatenga ndinasiyira mlonda, kaya anamupatsa.

Katundu wake ndakatenga kumene ankagona: wailesi, bulangete, suti imodzi ndi tizovala ta mwana timene anagula kale. Ndipatsira munthu wodalirika. Ndatumiza ndalama yochulukirapo mwezi uno, theka mupatse Evelesi, munene kuti yachokera kwa mwamuna wake. Dzina la mwana adikire bambo wake.

Kaitano


Joni
9 Ogasiti 1987

Amake Jesinta,

Moni kwa inu ndi ana. Yanu ndalandira, yaifupi ija. Mwati botolo munanyamula ndinu kuchoka ku Marka, ndiye mlandu tigawane. Ayi, inu munakayika, wokakamira ndinali ine. Mwatinso simukudziwa ngati mudzathe kundiyang'ana.

Galimoto anaigulitsa pa okushoni ya dzulo, mtengo woposa umene adona ankayembekeza. Wagula ndi dokotala wa mano wa konkuno, anabwera nayo madzulo kudzatenga makiyi apadera, mkazi wake ali pambali, onse athanzi, akuseka. Kaya mankhwala anagwira ntchito, kaya munalibe kanthu m'galimotomo chiyambire, ine sindikudziwa, ndipo amalume musawafunse. Adona anandipatsa ya sopo chifukwa choisamala bwino. Ndinalandira ndi manja awiri.

Leonard anyamuka sabata ino pamodzi ndi anzake obwezedwa. Wandiuza ndi mlonda, iye sanafune kutuluka kudzandiona. Akafika ku Limbe adzakwera sitima, ndiye kuyambira Lachisanu la sabata yamawa muzipita pa siteshoni ya Bangula tsiku lililonse la sitima. Mupite nokha, apongozi ndi Evelesi adikire kunyumba.

Za dzanja ndinakubisirani, ndipo iyenso anandibisira. Mlonda ndiye wandiuza. Tsiku lija makaniko anamugwiritsa m'mphepete mwa injini n'kumenyetsapo chimchira chija. Zala zitatu anakazidula kuchipatala cha kundende, zotsalazo sizipinda. Chiwongolero sadzagwiranso, ngakhale khasu kaya.

Amayi anu muwakonzeretu pang'onopang'ono, muyambe ndi kunena kuti akubwera. Zoti ndani anachita, adzasankhe yekha kunena kapena kusanena, ine sindidzakana. Munda wanga wa kudimba ndi mbuzi zonse zikhale zake, ndipo ine ndikhala kuno ndizitumiza za mabanja awiri mpaka adona adzanditope.

Akamatsika sitima mumulandire chikwama msanga asanapemphe. Anthu a pa siteshoni adzathamangira kumupatsa moni wa m'manja monga achitira ndi aliyense wochokera ku Joni. Muime kudzanja lake lamanja.

Ndine,
Kaitano